Mabotolo a m'Mitengo ya a Andrea

1. Nkhani ya pa mjigo

Kwathu kuno kwa Ndamera nkhani zimayambira pa mjigo. Ukafuna kudziwa amene wathawa banja, amene wagula njinga, kapena amene mbuzi yake yadya nyemba za eni, usavutike ndi wailesi. Ingotenga ndowa basi.

Ine Priska ndowa ndimaitenga tsiku lililonse, ngakhale madzi m'nyumba alimo. Amayi amati pakamwa panga ndi pamene panayamba kubadwa, ine n'kubwera pambuyo.

Linali Loweruka la mwezi wa Novembala, dzuwa la kuno lija loti nsapato zapulasitiki zimafewa uli chiyendere. Ndisanatule n'komwe ndowa, Otilia mnzanga wa Sitandade 7 anandikoka dzanja.

"Iwe Priska, wamva za kudimba kwa a Andrea?"

"Ng'ona yawagwira?"

"Bola ng'ona. Apeza mankhwala m'mitengo!"

Amayi onse anasiya kupopa madzi. Otilia anafotokoza kuti a Andrea, bambo olima chimanga m'mphepete mwa Shire, anakwera mumtengo wa mango kuti athyole oyamba kupsa. M'mwambamo anapeza botolo lapulasitiki loboola m'mbali, lomangirira ndi kansanza kofiira. Atayang'ana mumtengo wa mtondo anapezamo lina. M'mitengo yonse yozungulira dimba lawo munali mabotolo.

"Mkatimo muli zinthu zakuda zonunkha," anatero Otilia. "Nthochi zowola ndi njere za masau. Ndiye mukudziwa kuti chimanga chawo chikufota pomwe cha anzawo chili bwinobwino."

"Ameneyo wawakawa," anatero mayi wina. "Chimanga chikusamukira ku nkhokwe ya munthu."

Dzina la mai Anastazia sindinalitchule ine. Ine ndinangofunsa kuti, "Kodi kachasu wa masau amatcheza ndani m'mudzi muno?" Kufunsa ndi mlandu ngati?

Onse anayang'anizana. Mai Anastazia ndi mayi wamasiye. Anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo ali mtsikana, ndipo amakhala okha kumapeto kwa mudzi. Chaka chatha madzi osefukira atakokolola malire a madimba, anakangana kwambiri ndi a Andrea pa mizere ingapo ya dothi. Aliyense anamva tsiku lomwelo akukuwa kuti, "Mudzaona!"

Ndowa yanga sinadzaze n'komwe. Nkhani yotere siyofunika kuti izizire.

2. Katoni ya m'nkhokwe

Ndinathamangira kwa azakhali a Maness, kuti ndikauze msuweni wanga Tithokoze. Iyeyu ndi mtsikana wa Fomu 2, ndipo ndi munthu wachilendo ndithu. Ife tikagwira ziwala timaganiza za mchere ndi chiwaya. Iye amagwira chiwala n'kumachiwerenga miyendo. Gulugufe akadutsa, nkhani imene mukukamba yathera pomwepo. Anyamata a m'mudzi anam'patsa dzina loti Nachikumbu.

Ndinam'peza akutsuka mbale kuseri kwa khitchini.

"Titho, siya mbalezo! Mai Anastazia agwidwa ufiti!"

Ndinafotokoza zonse, n'kuwonjezerako pang'ono poti nkhani imafuna mchere. Nditafika pa kansanza kofiira, mbale inam'pulumuka n'kugwera mumchenga.

"Mabotolowo awachotsa onse?" anafunsa.

"Iwe, ndikukuuza za mfiti, iwe ukudandaula mabotolo?"

Anayang'ana uku ndi uku. Kenaka anandigwira pamkono mwamphamvu n'kundikokera ku nkhokwe yakale ya mapira imene sagwiritsanso ntchito. Anapisa dzanja pansi pa masaka n'kutulutsa katoni ya sopo.

Mayo ine! M'katonimo munali timapepala topinda ngati samusa, tambirimbiri. Anatsegula kamodzi. Mkati munali gulugufe wamkulu, mapiko ake akuda okhala ndi mzere wobiriwira. M'chitini china munali zikumbu zogona pa thonje, zina zobiriwira zonyezimira ngati galasi, china chachikulu chokhala ndi kanyanga pamphuno.

"Mabotolo aja ndi misampha yanga," anatero monong'ona. "Zikumbu izi sizitsika pansi. Zimakonda zowola zonunkha mowa. Nthochi ndimatola kumsika. Zotsalira za kachasu ndimakatapa kudzala kwa mai Anastazia iwo akapita kumadzi. Kansanza kaja n'koti ndizizindikira nthambi."

"Nanga bwanji kwa a Andrea?"

"Mitengo ikuluikulu yatsala kuti? Ina yonse anaotcha makala."

"Ndiye zonsezi n'zachiyani? Ndiwo?"

Apa ndi pamene ananditchulira a Rodgers. Akuti ndi bambo wina wa njinga yamoto amene anam'peza tsiku lina pamsika wa Marka akuthamangitsa gulugufe pa mulu wa mango. Anamuyamikira kuti ali ndi diso. Anati kunja kuli anthu amene amagula tizilombo totere, n'kutiika m'magalasi n'kupachika pakhoma. Anam'phunzitsa kupinda mapepala ndi kutchera mabotolo. Analonjeza kuti katoni ikadzaza, za fizi asadzadandaulenso mpaka Fomu 4.

"Koma anandiuza kuti ndisauze munthu," anatero Tithokoze. "Ngakhale amayi. Akuti anthu akadziwa, aliyense ayamba kugwira, msika uwonongeka, ndipo iwo sadzabweranso. Priska, lumbira."

Inu, kundilumbiritsa ine kuti ndisunge chinsinsi kuli ngati kusungitsa nsomba kwa mphaka. Komabe ndinalumbira.

"Nanga mai Anastazia?" ndinafunsa.

"Anthu alankhula, atopa, aiwala," anatero. Koma sanandiyang'ane.

3. Mawu a azakhali

Tikubweza katoni, tinamva belu la njinga. Anali azakhali a Maness, akuchokera kumsika kumene amagulitsa mlamba wowamba. Anabwera msanga, dengu likadali ndi nsomba.

"Awirinu mukufuna chiyani ku nkhokwe yopanda mapira?"

"Nkhuku, azakhali," ndinatero. "Timaona ngati yaikira."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakhala pa khonde, n'kuvula mpango, n'kudzipepeza nawo.

"Tithokoze, khala apa. Iwenso wailesi, khala, umve za nzeru lero. Kumsika kwabwera bambo wina wa njinga yamoto. Nsomba sanagule. Wangondifunsa kuti, 'Mwana wanu Tithokoze ali bwanji?' Ine munthuyo sindimudziwa. Dzina la mwana wanga walitenga kuti?"

Tithokoze anayamba kukanda pansi ndi chala.

"Mwina anangomva anthu akundiitana, amayi."

"Mwina. Koma mvera. Ine ndakalambira pamsika, ndipo ogula ndawaona a mitundu yonse. Wogula woona amafika masana, amatchula mtengo anthu akumva, mukakangana anzako amakuthandiza. Koma pali ena amene amayamba n'kukuyamikira, kenaka amati usauze munthu. Ukamva mawu amenewo, dziwa kuti chimene akufuna si katundu yekha ayi. Akufuna ukhale wekha.

"Iwe unali wamng'ono pamene kunabwera anthu ofuna ngaka, kanyama ka mamba kaja. Anati kamodzi kokha ukamanga nyumba ya malata. Anyamata a muno anasiya makasu n'kulowa m'tchire. Tsiku logwidwa, apolisi anamanga ndani? Ana a muno. Wogula uja ngakhale dzina lake lenileni palibe analidziwa. Mwana wa a Ernest anabwerako kundende tsitsi litayamba imvi. Zinthu za m'tchire zili ndi malamulo ake, mwanangu. Munthu akati akuzitumiza kunja, umufunse chilolezo cha boma. Akakwiya ndi funsolo, wayankha kale.

"Sindikuti kukonda tizilombo n'kulakwa. Bambo ako akanakhala moyo bwenzi akuseka, poti nawonso anali otero, ankatha kuima m'munda n'kumayang'ana nyerere mpaka dzuwa kuwawotcha. Mwina mawa udzaphunzira zimenezo kusukulu zapamwamba, udzalembedwa ntchito poyera. Koma njira yopita kumeneko siidzera kuseri kwa amayi ako. Tsono ndikufunsa kamodzi. Pali chimene ukundibisira?"

Pakamwa panga panayabwa ngati ndadya chitedze. Ndinaluma mlomo.

"Palibe, amayi," anatero Tithokoze.

Azakhali anapumira m'mwamba. Asanayankhe, kunamveka phokoso kumapeto kwa mudzi. Ana ankathamangira komweko akukuwa kuti, "Akusasula nyumba ya mfiti!"

4. Pakhomo pa mai Anastazia

Titafika, tinapeza khamu. Mabotolo aja anawaika pakati pa bwalo. Palibe amene anawakhudza ndi manja, anawanyamula ndi nsungwi yaitali. Anthu anazungulira patali ngati pali njoka.

Anyamata awiri anali atakwera kale padenga, akuzula udzu n'kumaponya pansi. Wina anali atagubuduza mgolo wa kachasu. Mai Anastazia anaima pakhomo, chitenje chili m'chiuno, maso ali gwa.

"Ine nkhabe kudziwa mabotolo anewa! Sindikuwadziwa!" anakuwa. "Ndakukalambirani m'mudzi muno, ana anu ndawasambitsa. Lero ndasanduka mfiti?"

A Andrea anakweza dzanja kuti anthu akhale chete.

"Abale anga, ine sindinamizira munthu. Nunkhizani nokha. Fungo ili ndi la mumphika wa mayi awa, mphuno yanga singasokere."

"Ingasokere bwanji poti imagona momwemo!" anatero munthu wina kumbuyo. Ena anaseka, koma a Andrea sanaseke.

"Sekani. Chimanga chikufota ndi changa, ana ogona ndi njala adzakhala anga. Mayi awa ananena pamaso panu kuti ndidzaona. Ndaona tsopano. Lero ndi chimanga, mawa ndi mwana wa wina. Ife tinawalandira ngati alendo, tinawapatsa malo. Dzuwa lisanalowe akhale atawoloka, abwerere kwawo."

"Kwathu n'kuti?" anafunsa mai Anastazia. "Mwamuna wanga ali m'manda a muno. Ndipite kwa yani?"

Ena anati nkhaniyi idikire bwalo la milandu. Koma mawu awo anamira m'phokoso. Mnyamata wina anatola mwala. Wina anafunsa ngati pali amene ali ndi machesi.

Ndinayang'ana Tithokoze. Thukuta linali kamukamu pamphumi pake.

"Titho," ndinanong'ona, "ndalumbira, koma mawu afika pakhosi. Ndikatsokomola atuluka."

"Ndikanena, a Rodgers sabweranso. Sukulu yanga yathera pomwepa."

"Nanga denga lija?"

Mwala woyamba unagunda chitseko, pafupi ndi phewa la mai Anastazia. Iwo sanasunthe. Anangotseka maso.

Tithokoze anandisiya dzanja. Anadutsa pakati pa anthu, n'kukalowa m'bwalo muja aliyense ankaopa kupondamo. Anawerama, n'kunyamula botolo limodzi ndi manja ake.

"Mwana iwe, taya!" anakuwa azakhali.

Iye anapisa zala pa bowo lija, n'kutulutsa chikumbu chobiriwira chikupalasa miyendo. Anachikweza m'mwamba.

"Mabotolowa ndi anga," anatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye anabwereza mokweza. "Ndi anga! Ndinapachika ndine. Si mankhwala, ndi misampha ya zikumbu. Mai Anastazia sakudziwapo kanthu. Zotsalira za kachasu ndinkaba kudzala kwawo."

Ine ndinaganiza kuti nkhani yatha. Koma anthu a kwathu, inu!

"Mwaona?" anakuwa mayi uja wa pa mjigo. "Amuphunzitsa mwanayu! Akugwira mankhwala ndi manja osaopa. Ndi mmene amachitira, amatuma ana!"

Anthu anayamba kufutukira kumbuyo, tsopano akuthawa Tithokoze. A Andrea anam'loza ndi nsungwi ija.

"Mwana wa sukulu angafune zikumbu zachiyani? Sizidyedwa izi. Wakutuma ndani? Tchula!"

Apa ndiye panalibe pothawira. Akanangoti n'zoseweretsa, dzina la a Rodgers likanabisika, koma palibe akanakhulupirira. Tithokoze anayang'ana amayi ake, kenaka anayang'ana ine.

"Priska, katenge katoni."

Sindinathamangepo chotero chibadwire. Nditabwera nayo, anaitsegula pamaso pa onse. Anafunyulula timapepala tija kamodzikamodzi. Anafotokoza za msika wa Marka, za a Rodgers, za magalasi a kunja, za fizi, ndi za lamulo loti asauze munthu. Ine ndinaona ngati sanasiyeko kanthu.

Ana ndi amene anayamba kuyandikira. Kenaka amayi. Wina anati, "Koma n'zokongola, inu." Wina anati, "Azungu akagule chikumbu? Bodza limeneli ndiye laposa ufiti."

"Nanga chimanga changa?" anafunsa a Andrea, mawu atatsika.

Azakhali a Maness anamanga mpango wawo bwinobwino, n'kubwera kutsogolo.

"Achimwene, za mwana wanga ndikalanga ndekha, ndipo walakwa kukwera m'mitengo yanu osapempha. Koma za chimanga musatinamize. Anzanu oyandikana nanu amalawirira ndi makheni kukathirira. Inu mmawa timakuonani pa benchi ya mayi omwewa, kapu ili m'manja. Mbewu imamwa madzi, siimwa nkhani. Mukadawathamangitsa lero, mawa mukadakamwa kuti?"

Anthu anaseka mpaka ena kugwirana mapewa. Anyamata a padenga aja anatsika mwakachetechete n'kuzemba. A Andrea anataya nsungwi n'kumapita akung'ung'udza kuti nkhaniyi sinathe.

Ndipo kunena zoona, si onse anakhutira. Pobalalika ndinamva mayi wina akuuza mwana wake kuti asamadyenso chilichonse chimene Nachikumbu wam'patsa.

5. Dzina lina

Tinatsala anthu anayi pabwalo lodzaza udzu. Azakhali sanakalipe. Anangoti, "Tolani."

Tinayamba kutola udzu n'kumanga mitolo. Mai Anastazia anakhala pa mtondo wosinjira wogubuduzika, akuyang'ana denga lawo lobooka. Tithokoze anapita kukagwada patsogolo pawo.

"Amayi, ndikhululukireni."

"Ukufuna nditi takhuta, ndikuthokoze?" anatero iwo. "Unalipo pamene amazula udzu woyamba. Unadikira mwala."

"Ndinkaopa."

"Inenso ndinkaopa. Dzuka, maondo ako sangafolere nyumba. Mawa ubwere ndi chikwakwa. Ndi mnzako wa pakamwayu, amene amafunsa mafunso pa mjigo."

Ndinayang'ana kumbali. Kaya anawauza ndani. Anthu a m'mudzi muno ndi amiseche zedi.

Mai Anastazia anatambasula dzanja n'kutenga kapepala kamodzi m'katoni muja. Sanayang'ane gulugufe ayi. Anayang'ana kapindidwe ka pepalalo, n'kulitembenuza kawiri konse. Nkhope yawo inasintha.

"Kupinda kotere anakuphunzitsa ndi bambo ameneyo?"

"Inde."

"Ndi wooneka bwanji?"

"Wamtali, woyera pang'ono. Ali ndi chipsera chodula nsidze ya kumanzere."

Mai Anastazia anaika kapepalako pansi pang'onopang'ono. Anaitana azakhali ndi dzanja.

"Maness, bwera umve. Kuno akuti ndi Rodgers? Kutsidya kwa malire, ku Vila Nova, ankati ndi Lorenso, wa chipsera chomwecho. Timapepala totere ndinatiwona m'nyumba ya mchemwali wanga, todzaza lichero. Mwana wake Leah ankamugwirira agulugufe bambo ameneyu. Mtsikana wanzeru, wa msinkhu ngati uyu. Katundu atakwana, anamuuza kuti ogula akufuna kuona mwini wa manja aluso chotere, apite naye kutauni tsiku limodzi lokha. Ananyamuka atavala yunifolomu. Dzinja lapita, lina lapitanso. Mchemwali wanga mpaka lero akamva njinga yamoto amatuluka panja."

Mtolo wa udzu unandigwa m'manja. Azakhali anatembenukira kwa mwana wawo.

"Tithokoze. Pali china chimene sunanene pa anthu paja?"

Tithokoze anali atagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Atawachotsa, mawu ake ankamveka ngati a mwana wamng'ono.

"Anati Lachiwiri ndisapite m'kalasi. Ndikawadikire kuseri kwa sukulu ndi katoni, tipite ku Blantyre kukaonana ndi ogula."

Azakhali anakhala pansi, pa dothi penipeni.

"Bamboyo akudziwa kuti waulula?" anafunsa mai Anastazia.

"Ayi."

"Ndiye Lachiwiri abwera." Anaimirira, n'kumanga chitenje chawo mwamphamvu. "Maness, bambo ameneyu yekha ndi amene akudziwa kumene kuli Leah. Zimene takamba panozi zisamveke mpaka tikaonane ndi apolisi ku Marka."

Atatero, onse atatu anatembenuka n'kuyang'ana ine.